Wosadza mtengo amadya chaka ndi chaka, wogwetsa amadya kamodzi

Mawu amene adayankhulidwa pamsonkhano wa alimi a m'makalabu a ku Dowa ndi Ntchisi



Ndidagwirapo ntchito ya ulangizi m'mapiri muno, ndipo funso limene achinyamata ankandifunsa kawirikawiri ndi ili: "Alangizi, fodya akatha kugulitsidwa tizichita chiyani?" Masiku ano ambiri apeza yankho lawolawo. Akuti agule chainsaw azidulira anthu mitengo. Ntchitoyi sindikuinyoza, ndi ntchito ngati ina iliyonse. Koma ndikufuna tikambirane zida zoyambira, kumene ntchito imapezeka, ndi mmene tingaigwirire popanda kumeta mapiri athu mpala.

Ndiyambe ndi mnyamata wina wa m'dera limene ndinkagwira. Atagulitsa fodya adaonjezera ngongole ya banki mkhonde n'kugula chainsaw yakale pamsika. Ntchito yake yoyamba idali kudula nthambi ya bulugamu imene idawerama pamwamba pa nyumba ya malata. Adakwera yekha, wopanda chingwe. Nthambi idang'ambika isanaduke bwino n'kuphwanya malata. Iye adapulumuka, koma malata adalipira, makina adafa mwezi usanathe, ndipo ngongole idatsala. Mnyamatayo sadali waulesi. Adangogula chida chomaliza poyamba.

Zida zoyambira ndi zimene ambiri muli nazo kale: chikwanje chakuthwa, nkhwangwa ndi tupa wonolera. Onjezerani sowo yamanja, chifukwa chikwanje chimasiya bala lophwanyika limene limasunga madzi ndi kuoletsa mtengo, pamene sowo imadula mosalala. Kenako gulani zingwe ziwiri zolimba, china chomangira inuyo, china chotsitsira nthambi. Chingwe cha thupi lanu chisamangire katundu kapena mbuzi. Chikhale chopangidwira kunyamula munthu, ndipo chikayamba kusosoka chisiyeni. Pezaninso chipewa cholimba chonga cha amisiri omanga, magalasi oteteza maso, magolovesi, nsapato za jombo ndi makwerero. Zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa chainsaw yabwino.

Luso lenileni lili pa kadulidwe. Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Choyamba chekani pang'ono kunsi kwake, chapatali pang'ono ndi thunthu. Chachiwiri chekani pamwamba, kutsogolo kwa pamene mudayamba, kuti nthambi igwe osasenda khungwa. Chachitatu chotsani chitsa chotsalacho, koma musiye kamkombero kotupa kamene kali pamene nthambi imalumikizana ndi thunthu, pakuti ndi pomwe mtengo umatsekera bala lake. Musanakwere yang'anani njuchi, mavu ndi nthambi zouma. Musagwire ntchito nokha, kapena kukuomba mphepo, kapena mutalawa. Mtengo umene wayandikira mawaya a magetsi musaukhudze, kauzeni a ESCOM.

Nanga chainsaw? Idzafika nthawi yake, pamene ntchito zakuchulukirani moti sowo yamanja ikukuchedwetsani. Pogula musayang'ane kutchipa kokha. Funsani ngati tcheni, pulagi ndi zipangizo zina zimapezeka ku Lilongwe kapena ku Mponela, ndiponso ngati alipo mmisiri woikonza. Mitundu yodziwika monga Stihl ndi Husqvarna ili ndi zofanizira zambiri zimene zimangotengera maonekedwe, choncho pitani ndi munthu woidziwa ndipo mutenge lisiti. Makinawa amayendera petulo wosakaniza ndi oyilo wake wapadera. Ambiri amafuna mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, koma tsatirani buku la makina anuwo. Tcheni nayo ili ndi oyilo wake. Nsonga ya mpeni wake ikagunda chinthu, makina amabwerera kumaso mwadzidzidzi. N'chifukwa chake sitidula kupitirira paphewa, ndipo sitiimirira pamakwerero titawanyamula. Pogwetsa mtengo, anthu onse atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo. Malangizo anga ndi akuti makina otere agulidwe ndi gulu, awagwiritse ntchito anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa, ndipo ndalama ya petulo ndi yokonzetsera izilembedwa m'buku.

Tsono ntchito ili kuti? Ili pafupi kuposa mmene mukuganizira. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mphepo ya mvula yoyamba isanabwere, sukulu, zipatala, matchalitchi ndi nyumba za pa Dowa boma, Ntchisi boma, Mponela, Madisi ndi Malomo zimakhala ndi nthambi zoopseza madenga. Mamishoni akale monga Mvera ndi Kongwe, ndi malo ena otere, ali ndi mitengo ikuluikulu yofuna munthu wosamala. M'minda, gliricidia amafuna kudulidwa kuti masamba ake alowe m'nthaka, ndipo mphukira za mitengo yachilengedwe zimafuna kupatuliridwa kuti patsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kudyetsa chimanga, ndiye umangofuna kuchotsa nthambi zam'munsi udakali waung'ono. Mango amasadzidwa zipatso zikangotha. Bulugamu wa milimo ya zigafa akadulidwa pafupi ndi nthaka, mopendeketsa kuti madzi asakhale pachitsa, amaphukanso. Taonani kuti ntchito zonsezi zimabweranso chaka chamawa. Mukagwetsa mbawa kapena mlombwa, mwini wake sadzakuitananinso, chifukwa palibe chokuitanirani.

Popempha ntchito musadikire kuitanidwa. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu, muwaonetse nthambi yoopsayo ndi kufotokoza mmene muitsitsire. Jambulani mtengo pafoni musanayambe ndi mutamaliza, zithunzizo ndiye umboni wanu. Mtengo wa ntchito muwerengere nthawi, anthu okuthandizani, petulo ndi ulendo. Ndipo musanakwere gwirizanani zinthu zitatu molemba, pamaso pa mboni: ndalama ndi tsiku lolipira, mwini wa nkhuni zotsalazo, ndi amene alipire china chikaonongeka. Milandu yambiri imene imafika kwa mafumu athuwa imachokera pa mawu apakamwa.

Za malamulo ndisazibise. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene lidakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, likugwira ntchito. M'nkhalango zotetezedwa monga ya Ntchisi ndi ya Kongwe simudula mtengo popanda chilolezo. Nkhalango ya m'mudzi ili m'manja mwa mfumu ndi komiti yoona zachilengedwe. Munthu akakuitanani kuti mugwetse mtengo wachilengedwe woti acheke matabwa kapena aotche makala ogulitsa, mufunseni chilolezo, ndipo ngati mukukayika pitani ku ofesi ya za nkhalango ya paboma. Akagwidwa, wonyamula chida ndinu, ndipo chidacho chikhoza kulandidwa. Safunsa adadya phula. Komanso tisaiwale kuti mitsinje imene timathirira madimba athu imachokera m'mapiri omwewa.

Pomaliza, mawu anga apite kwa atsogoleri athu. Mlimi m'modzi sangapite ku khonsolo n'kumveka, koma bungwe lathu lingathe. Ndikupempha kuti kalabu iliyonse ilembe mayina a achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, ofuna ntchitoyi. Tikatero tipemphe a za nkhalango adzawaphunzitse kadulidwe ndi malamulo, ndipo tikambirane ndi a TEVETA za maphunziro a luso limeneli. Tipemphenso makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi kuti ntchito yosadza mitengo pa sukulu, pa misika ndi pa zipatala iziyamba kupatsidwa kwa magulu a m'deralo amene adaphunzira. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timabzala. Osowa ndi anthu osamala mitengoyo ikakula. Anthu amenewo akhale ana athu, ndipo azilipidwa.

Amene mukufuna kulembetsa, onanani ndi alembi a makalabu anu tisanabalalike.