Anthu a kumpoto kwa England mu 1536: anadandaula, analonjezedwa, anabwerera kwawo



Nkhani ya lero ndi ya anthu amene analibe voti. Anali kukhala m'dziko la England zaka pafupifupi 500 zapitazo. Akafuna kuti boma liwamve, njira yawo inali kulemba kalata ya madandaulo ndi kudikira yankho. Mverani mmene njira imeneyo inawathera.

Kodi boma lawo linali kuyenda bwanji?

Mfumu inali Henry VIII, amene analamulira kuyambira 1509 mpaka 1547. Anthu m'dziko lonse sanali kukwana 3 miliyoni. Mfumuyo inalibe apolisi, pakuti apolisi a yunifolomu anayamba ku London mu 1829. Inalibenso gulu lalikulu la asilikali okhazikika. Nkhondo ikabuka, inali kuuza eni minda akuluakulu kuti asonkhanitse anthu awo.

Nanga wakuba anali kugwidwa ndi yani? Mudzi uliwonse unali ndi mwamuna wosungitsa bata, wosankhidwa kwa caka cimodzi, wopanda malipiro. Munthu akaberedwa anali kukuwa, ndipo lamulo linali kukakamiza aliyense womva mkuwo kusiya cimene ali kucita ndi kuthamangitsa wakubayo. Pamwamba pake panali oweruza a m'cigawo. Amenewa anali eni minda olemera, oikidwa ndi mfumu, nawonso osalandira malipiro a pamwezi. Anali kukumana kanayi pa caka kuzenga milandu. Milandu ikuluikulu inali kudikira oweruza ocokera ku London, amene anali kuzungulira m'zigawo kawiri pa caka.

Tsopano taganizani. Amene wachinga ndi mpanda dambo lodyetsera ziweto za mudzi wonse ndi yemweyo amene akhala pampando woweruza, kapena ndi mlamu wake. Inu mudzadandaula kwa yani?

Mudzadandaula kwa mfumu. Ku Westminster kunali bwalo lodziwika ndi dzina lakuti Court of Requests, lomvera milandu ya anthu osauka pa mtengo wocepa. Munthu anali kupeza womulembera kalata, cimodzimodzi ndi rekerimento imene ife tinazolowera, ndipo m'kalatamo anali kudzicepetsa kwambiri, kudzichula wosauka wopempherera mfumu. Tisainyoze njira imeneyi, cifukwa alipo alimi amene anapambana nayo milandu yawo. Koma linali pempho. Wolandira kalata akakana, wolembayo analibe cocita naye.

Nanga masankho analipo?

Analipo, koma a anthu owerengeka. Nyumba ya Malamulo inali kukumana pokhapokha mfumu ikaiitana. Pafupifupi cigawo ciliconse cinali kutumiza aphungu awiri, ndipo lamulo la 1430 linanena kuti wovota akhale ndi munda wakewake wobweretsa masheleni 40 pa caka. Waganyu ndi mlimi wobwereka munda analibe mawu. Amayi sanali kuwerengedwa. Povota amuna anali kusonkhana pabwalo ndi kufuula dzina la munthu amene akumufuna, mwini minda wamkulu ali pomwepo kuona pakamwa pa aliyense. Voti yacinsinsi inafika m'dzikolo mu 1872.

Ngakhale masankho ocepa amenewo, akuluakulu anali kuwalowerera. Mu Meyi 1536 mzinda wa Canterbury unasankha aphungu ake awiri. Kenaka inafika kalata ya Thomas Cromwell, nduna yaikulu ya mfumu, yolamula kuti cisankho cifafanizidwe ndipo asankhe anthu awiri amene mfumu ikuwafuna. Mzindawo unamvera. Dzina la Cromwell mulisunge, tikumana nalonso.

Cinautsa anthu n'ciyani?

Mu 1534 Henry VIII anakana ulamuliro wa Papa, nadziika yekha kukhala mutu wa chalichi ca England. Mpingo wa Anglican, umene a m'mbali mwa nyanja amaudziwa bwino ku Messumba, muzu wake uli pa mkangano womwewo. Caka comweco panabwera lamulo lakuti munthu angaphedwe cifukwa ca mawu okha onyoza mfumu. Mu 1535 Cromwell anatumiza anthu kukalemba cuma conse ca machalichi. Mu 1536 boma linayamba kutseka nyumba zing'onozing'ono za amonke ndi masisitere, zimene cuma cake sicinali kufika mapaundi 200 pa caka, ndi kutenga minda yake.

Kwa anthu a kumpoto nyumba zimenezi sizinali zopemphereramo cabe. Apaulendo anali kugonamo, osauka anali kulandirako cakudya. Pamwamba pa izi panali msonkho watsopano, zokolola zinali zitavuta, ndipo mphekesera zinali kuyenda zakuti boma lidzatenga zikho zasiliva m'machalichi a m'midzi ndi kuika msonkho pa ubatizo, ukwati ndi maliro. Zambiri mwa mphekeserazo zinali zabodza. Koma munthu amene waona ndi maso ake mabelu akutsitsidwa amakhulupirira msanga.

Kumayambiriro kwa Okutobala 1536 anthu a ku Louth, m'cigawo ca Lincolnshire, anagwira nthumwi za boma. Analemba madandaulo awo. Mfumu inawayankha ndi cipongwe, kuti anthu wamba osaphunzira sangauze mfumu munthu womuika pa uphungu wake, ndipo pasanathe masabata atatu gulu lija linabalalika.

Moto unadumphira ku Yorkshire. Kumeneko mtsogoleri anali Robert Aske, loya wophunzira ku London. Iye anakana kuti gulu lake lichulidwe la oukira. Analichula ulendo wacipembedzo wokapempha cisomo kwa mfumu, ndipo m'mabuku a mbiri limadziwika kuti Pilgrimage of Grace. Mbendera yawo inali ndi cithunzi ca mabala asanu a Khristu. Pa 16 Okutobala analowa mumzinda wa York, ndipo Aske analamula kuti pasakhale kulanda katundu wa anthu, cakudya acigule. Masiku owerengeka pambuyo pake linga la Pontefract linaperekedwa m'manja mwawo.

Kumapeto kwa mweziwo anthu pafupifupi 30,000 anaima pafupi ndi Doncaster. Tsidya lina la mtsinje wa Don kunali Duke wa ku Norfolk ndi asilikali a mfumu osakwana 10,000. Apa ndi pamene boma lopanda apolisi ndi asilikali okhazikika linaonekera kufooka kwake, cifukwa eni minda ambiri a kumpoto, amene mfumu inali kudalira posungitsa bata, anali atalowa m'gululo, ena mwakufuna, ena mwamantha. Aske akanafuna nkhondo, mwayi unali kumbali yake. Iye anasankha kukambirana. Anali kukhulupirira ndi mtima wonse kuti mfumu ndi yabwino, oipa ndi aphungu ake, ndipo ikangomva coonadi idzakonza zinthu.

Cimene Aske sanadziwe ndi ici: asanakumane nawo, Norfolk anali atalembera kale mfumu kuti isadandaule ndi ciliconse cimene iye adzalonjeza, cifukwa sadzasunga ngakhale cimodzi. Kalatayo ilipo mpaka lero.

Anapempha ciyani?

Kumayambiriro kwa Disembala anasonkhana ku Pontefract nalemba madandaulo 24. Ambiri anali a cipembedzo: nyumba za amonke zibwezedwe, Papa akhalenso mutu pa zauzimu. Anapempha kuti Cromwell acotsedwe ndi kulangidwa, ndiponso kuti lamulo lopha munthu cifukwa ca mawu lithetsedwe. Alimi anaikamo zawo. Mipanda yochinga malo a mudzi igwetsedwe. Ndalama zimene mwana anali kulipira kwa mwini munda polowa m'munda wa atate ake omwalira zisapitirire lendi ya zaka ziwiri.

Ndipo mfundo ina inali yokhudza masankho. Anapempha kuti kasankhidwe ka aphungu kakonzedwe, ndi kuti Nyumba ya Malamulo idzakumane kumpoto, ku York kapena ku Nottingham. Anthu amenewa anali ataona kuti malamulo owapweteka anadutsa m'Nyumba yodzaza ndi anthu a mfumu.

Pa 6 Disembala Norfolk anakumana ndi atsogoleri awo ku Doncaster. Anawalonjeza cikhululukiro kwa onse, ndi kuti Nyumba ya Malamulo idzakumana ku York kukambirana madandaulo awo. Cikhululukiro cinalembedwa ndi kuwerengedwa poyera pa 8 Disembala. Zina zonse zinatsala pakamwa. Aske anavula cizindikiro ca mabala asanu, nauza anthu kuti abwerere kwawo. Ena anang'ung'udza, koma anapita.

Ine sindinganene kuti Aske anali wopusa. Anacita zimene munthu wokhulupirika wa nthawi yake akanacita. Koma mphamvu yake yonse inali anthu 30,000 aja, ndipo tsiku limene anabalalika anatsala ndi mawu a Norfolk basi. Panalibe bwalo lokakamiza mfumu kusunga lonjezo. Panalibe tsiku lodziwika limene mfumu kapena nduna zake zidzabwerera kwa anthu kudzapempha mpando. Panalibe nyuzipepala yoti ifunse.

Mfumu inamuitana Aske kukadya Khrisimasi kunyumba yacifumu. Inamulandira bwino, inam'patsa jekete lofiira lamtengo wapatali, ndipo inamuuza kuti alembe zonse zimene zinacitika. Iye anabwerera kumpoto ali kutsimikizira anthu kuti mfumu idzasunga mawu ake.

Koma masabata anali kupita osamva za Nyumba ya Malamulo. Mu Januwale 1537 Sir Francis Bigod, amene sanakhulupirire malonjezowo, anautsa kagulu kena kofuna kulanda Hull ndi Scarborough. Aske anayesetsa kuletsa anthu kuti asam'tsate. Bigod analephera, koma mfumu inapeza cifukwa cimene inali kufuna. Mu Febuluwale anthu a ku Cumberland ndi Westmorland anaukira mzinda wa Carlisle, ndipo Norfolk anaweruza ndi lamulo la nkhondo, lopanda bwalo la masiku onse. Anthu 74 anapacikidwa, ambiri m'midzi mwawo momwe, kuti anansi aone.

Kenaka anagwira atsogoleri. Lord Darcy, nkhalamba imene inapereka linga la Pontefract, anadulidwa mutu ku London mu Juni 1537. Mayi wina, Margaret Cheyne, anatenthedwa pamoto. Robert Aske anapacikidwa ndi maunyolo pa linga la York pa 12 Julayi 1537. Onse ophedwa anali pafupifupi 200. Caka comweco mfumu inakonzanso bungwe lake lolamulira kumpoto, lokhala ku York, lomvera milandu ndi madandaulo a anthu, ndipo ena mwa eni minda amene anali m'gulu la Aske anapatsidwa mipando m'menemo.

Cromwell naye anadulidwa mutu mu 1540, koma osati cifukwa ca madandaulo a ku Pontefract. Anali atangogwa m'maso mwa mfumu.

Nanga Nyumba ya Malamulo ya ku York? Sinakumane. Yotsatira inakumana ku Westminster mu 1539, Cromwell atayendetsa yekha nkhani ya masankho m'madera ambiri ndi kulembera mfumu kuti idzakhala ndi Nyumba yomvera kuposa zonse zakale. Nyumba imeneyo inavomereza lamulo lopereka kwa mfumu cuma ca nyumba zikuluzikulu za amonke, ndipo yomaliza, ya ku Waltham, inatsekedwa mu Malichi 1540.