Mapazi Ayambe Alowa M'madzi

Mau olankhulidwa kwa magulu a mipingo ya m'makomboni a Lusaka



Ife a m'komboni tilibe minda ikuluikulu, koma chilala chikagwa chimatipeza m'mbale. Tinaziona mu 2024. Pa 29 February chaka chimenecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinauma. Madzi anachepa ku Kariba, magetsi nayamba kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo anangokhala manja ali m'thumba. Thumba la chimanga limene limabwera pa basi kuchokera kwa achibale ku Petauke kapena ku Katete silinabwere. Inabwera ndi foni yopempha thandizo. Nyumba zambiri zinaleka kugula thumba la unga, zinayamba kudalira pamela.

Chilala chikapita chimasiya mantha. Mwezi wa October ukafika, banja limakhala pansi ndi ndalama zochepa m'dzanja. Bambo akuti tigule mbeu, mmodzi wa ife apite kumudzi akalime. Mai akuti, nanga mvula ikakananso, ana adzadya chiyani? Onse awiri akunena zoona. Ndiye funso limene tabwera nalo lero ndi ili: munthu amayamba bwanji ulendo umene sakudziwa mathero ake?

Zimene tinaona kale

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira 1992. Mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula. Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linali ndi miyezi yowerengeka chabe pa mpando. Tinadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. M'makomboni muno azimai ambiri anakumba ngalande ndi kukonza miseu kuti alandire chakudya. Koma kumapeto kwa chaka chomwecho alimi analowanso m'munda, ena ndi mbeu yopatsidwa, ena ndi yobwereka kwa anansi. Mu 1993 dziko linakolola chimanga chambiri. Chimodzimodzi, chimanga chimene chinali matani 1.5 miliyoni mu 2024 chinapitirira matani 3.6 miliyoni mu 2025. Chimanga chonsecho chinadzalidwa ndi anthu amene sanadziwe ngati mvula idzagwa.

Tisakunamizeni. Mu nyengo ya 1994 mpaka 1995 chilala chinabweranso, ndipo ena amene anadzala mopemphera sanakolole. Mulungu sanatilonjeze kuti chaka chilichonse chidzakhala chabwino. Anatilonjeza kuti sadzatisiya. Amene anadzala osakolola anapulumuka chifukwa cha mpingo, achibale ndi anansi. Koma munda umene sunadzalidwe sunabalepo kanthu, chaka cha mvula kapena cha chilala.

Pa mtsinje wa Yordano

Tiwerenge Yoswa mutu 3. Ana a Israyeli anafika pa Yordano mtsinjewo utasefukira. Panalibe mlatho, panalibe bwato. Mulungu sanaumitse mtsinje usiku anthu ali mtulo kuti m'mawa aupeze wouma. Ansembe onyamula likasa anayenda mpaka mapazi ao ananyowa, ndipo pamenepo madzi anaima. Akadaima pa gombe kudikira kuti ayambe aona mchenga, akadakalambira pomwepo.

Koma onaninso mutu 1 ndi mutu 2. Asanafike pa madzi, Yoswa anauza anthu kuti akonze kamba wa paulendo. Anatumanso anthu awiri kukazonda dziko. Anafunsa, anakonzeka, kenaka anaponda madzi. Kukhulupirira Mulungu si kuyenda chotseka maso. Munthu wogulitsa zonse za m'nyumba ndi kukwera basi ku Intercity osadziwa ngati munda wa makolo ake ulipobe, ameneyo akuyesa Mulungu. Safunsa anadya phula.

Kamba wa paulendo

Choyamba, funsani. Musananyamuke, lankhulani ndi achibale ndi anyakwawa za munda umene mudzalime. Mukafika, pitani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Iye adziwa mbeu yoyenera nthaka ya kumeneko.

Chachiwiri, musaike mtima wonse pa chimanga. Gulani mbeu yocha msanga, m'paketi yotseka, kwa wogulitsa wodziwika. Chenjerani ndi chimanga wamba chopaka utoto chimene ena amagulitsa ngati mbeu. Pambali pake dzalani mapira, nyemba, nsawa, kandolo ndi chinangwa. Mapira ndi chinangwa zimapirira dzuwa kuposa chimanga. Mbeu imodzi ikakana, ina idzadyetsa ana.

Chachitatu, kumbani maenje mvula isanagwe. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, linafalitsa njira imeneyi m'dziko muno. Maenje amakumbidwa m'mizere nthaka ikali youma, mumathiramo manyowa, ndipo mapesi simuwotcha, mumawasiya aphimbe nthaka. Mvula ikagwa, madzi amaima m'dzenje m'malo mothamangira kumtsinje. Ndi ntchito yowawa. Munthu amakumba dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Koma ngati mufuna kuona chikhulupiriro ndi maso, kaoneni mai amene akukumba maenje mu October.

Chachinai, musathamangire kudzala pa kamvula koyamba. Dikirani nthaka inyowe bwino. Kudekha nakonso ndi mbali ya chikhulupiriro.

Chachisanu, thawani kaloba. Ngongole ya kaloba siidikira kukolola, ndipo yadyetsa mabanja ambiri katundu wao. Ngati ndalama ya mbeu sikwana, lowani chilimba ndi anthu amene muwadziwa, ndipo lembani zonse m'buku. Mabanja atatu angathe kugula paketi imodzi yaikulu ndi kugawana.

Kwa otsala m'tauni

Si onse adzapita kumunda. Ena mulibe mudzi wobwererako, munabadwira muno ku Matero kapena ku George. Inunso muli ndi Yordano wanu. Ndi kantemba kamene kanatsekedwa chifukwa mpamba unadyedwa. Ndi mwana amene anasiya sukulu m'chaka cha njala, ndipo muopa kukaonana ndi aphunzitsi. Yambani ndi chimene chili m'dzanja: beseni limodzi la tomato wa ku Soweto, matumba awiri a repu kuseri kwa nyumba, ulendo umodzi wa ku ofesi ya sukulu. Ndipo popeza walira mvula walira matope, makamaka inu a ku Kanyama, tsegulani ngalande mvula isanayambe, ndipo muziwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini. Sitinaiwale kolera ya mu January 2024, pamene odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium.

Tisaoloke tokha

Pa Yordano sanaoloke munthu mmodzi. Unaoloka mtundu wonse, okalamba ndi makanda omwe, ndipo ansembe anaimabe pakati pa mtsinje mpaka womalizira atadutsa. Umenewu ndi udindo wa mpingo. Bambo akapita kukalima ku Nyimba, ndani adzayendera mai ndi ana otsala ku Chawama? Mai wamasiye akafuna kutsegulanso kantemba, ndani adzamsungira mwana m'mawa? Mutu umodzi susenza denga. Gulu lililonse lilembe maina a mabanja amene ali pa ulendo wotere, liwapempherere potchula maina, ndipo liwayendere sabata ndi sabata.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi ulendo uti umene banja lanu likuopa kuyamba?
2. Mwafunsa ndani za ulendowo, ndipo kamba amene muli naye ndi wotani?
3. Ndi banja liti limene gulu lanu lidzaima nalo pakati pa mtsinje?

Tipemphere

Atate wathu wakumwamba, Inu mudziwa za mawa, ife sitidziwa. Mwaona mbale zathu ndi ngongole zathu. Tipatseni nzeru yofunsa, mphamvu yokumba, ndi mtima woponda madzi pamene nthawi yakwana. Mvula ikagwa, tiphunzitseni kugawana. Ikachedwa, musatisiye, ndipo ifenso tisasiyane. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.