MAUNGU NDI AKUBA ACE KU CHAMA

 Madzulo ano tiyeni tipite kumudzi, ku cigwa ca Luangwa, m'boma la Chama, kwa mafumu a Asenga monga Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, ticeze za dzungu ndi zirombo zimene zimalidya.

Kapena wina aseka, nati, "Kodi dzungu nalonso nkulitayira nthawi ya pa wailesi?" Wotereyo anaiwala Febuluwale wa kumudzi. Mwezi umenewo nkhokwe imakhala itayera, cimanga cikali cosakhwima, ndi mpunga sunafike podula. Masiku amenewo cibwabwa ndico ndiwo, ndipo maungu akayamba kukhwima, ana amagona ndi kanthu m'mimba. Tsono cirombo cikatha maungu a amai anu, kalata yopempha ufa ifika kwa inu.

Dziko la Chama liri pakati pa nyama. Tsidya la Luangwa kuli nkhalango ya boma ya North Luangwa, kum'mawa kuli Vwaza wa ku Malawi, ndipo midzi yambiri iri m'kati mwa dera losungiramo nyama la Musalangu. Nyamazo sizidzasamuka, anthu naonso sadzasamuka. Cimene ndaona ine ndi cakuti ambiri amataya mphamvu pomanga mpanda wosayenera mbala yace. Ciriconse cikaonongeka, mlandu amaukankhira kwa kalulu, monga m'nthano zija. Koma munthu wanzeru amalawira m'mamawa, mame asanaume, nakawerenga mapazi ndi ndowe, pakuti cirombo ciriconse cimasiya cizindikiro cace.

Tiyambe ndi kaluluyo. Iye amadza usiku, ndipo amadula kamtengo ka dzungu mopendeka, bwinobwino ngati ndi mpeni, nasiya tindowe tobulungira tonga nzama. Mukaona tsamba lotafunidwa mong'ambika, ameneyo si kalulu, kapena ndi gwape kapena mbuzi ya mnansi wanu. Ubwino wace ndi wakuti kalulu amabvuta kwambiri masabata oyamba okha, mbeu ikali yanthete. Masamba akakula ndi kumera ubweya wace wolasa uja, iye amafuna zina zofewa. Kotero nchito yaikuru iri m'mwezi woyamba. Agogo anga anali kutenga madengu akutha, oturuka kunsi, ndi kubvundikira phando liri lonse madzulo. Ena amazinga phando ndi nthambi za minga ya mthethe. Zonsezi nzabwino ndipo sizilira ndalama. Bzalaninso njere zitatu kapena zinai pa phando, kuti imodzi ikadyedwa zina zitsale. Lambulani udzu m'mbali mwa munda, cifukwa kalulu wathu sakumba una, amagona pa udzu usana wonse kudikira mdima. Amene ali ndi dimba laling'ono angalizinge ndi bango lothithikana, kapena ndi waya wa maso ang'ono uja timangira makola a nkhuku, wotalika kufika m'ciuno mwa munthu wamkuru, ndiko kuti mita imodzi.

Nungu ndi wina. Iye amadikira dzungu libereke, nalibowola ndi mano ace akuru, ndipo kawirikawiri amakusiyirani munga umodzi kapena iwiri ngati siginecala. Mpanda wa kalulu sumuletsa, pakuti amakumba pansi pace. Cifukwa cace pomanga waya, kwirirani mbali ya kunsi masentimita 30 m'nthaka, mutaipindira kunja, kuti iye pokumba akumane ndi waya yemweyo. Nguluwe zimadza zambiri pamodzi, ndipo m'mawa munda umaoneka ngati walimidwa ndi munthu woledzera. Izo zimafuna mpanda wa mitengo yolimba ndi ngalande kunja kwace, ndiponso garu ndi moto pa cilindo. Ngalande yakuya ndiyonso mankhwala a mvuu ku madimba a m'mbali mwa mtsinje, popeza miyendo yace yaifupi siilola kudumpha. Koma musaime konse pakati pa mvuu ndi madzi.

Za anyani ndi apusi ndinene zoona: palibe mpanda umene ungawaletse. Cidole ca nsanza amaciopa masiku awiri, tsiku lacitatu amakhala pa mutu pace. Amafuna munthu weniweni, kuyambira kuca mpaka kulowa kwa dzuwa. Pamenepa ndipo pali cisoni canga, pakuti amene amatumidwa kukalinda ndi ana, ndipo mwana wolinda anyani Januwale ndi Febuluwale wataya miyezi yoyamba ya sukulu. Nyani yemweyo mwana samuopa kwenikweni. Kuli bwino mabanja alime minda yogundana, ndi kulinda mosinthana akuru okhaokha, tsiku banja ili, mawa banja lina.

Tsono njobvu. Imeneyi ingathe munda wonse usiku umodzi, cimanga, maungu ndi zonse, ndipo yapha anthu m'cigwa ca Luangwa. Koma citamba cace cimanunkhiza kwambiri, ndipo sicipirira tsabola, amene ambiri a inu mumacha mpilipili. Alimi a m'cigwamo amasinja tsabola wouma, namsakaniza ndi oilo wakuda wocotsedwa m'galimoto, napaka pa zingwe ndi tinsaru, ndi kuzimangirira pa mitengo kuzinga munda. Ena amaumba njerwa za ndowe ya njobvu yosakaniza ndi tsabola, naziumitsa, ndipo usiku amazitentha ku mbali imene mphepo icokera kuti utsi upite kumene nyamazo zidzera. Pali cinthu cimodzi cimene anthu amaiwala: mvula imatsuka mafutawo. Cingwe cimene munapaka pa Khirisimasi sicingakhale ndi mphamvu mu Febuluwale ngati simunacipakenso, ndipo pamenepo anthu amayamba kunena kuti tsabola ndi bodza. Njobvu ikakakamira, musaiyandikire ndi miyala. Uzani alonda a nyama a m'mudzi kapena a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife.

Pali njira ziwiri zimene ndikupemphani muzikane, ngakhale mbale wanu azipemphe molira. Yoyamba ndi khwekhwe la waya. Waya wa mabuleki a njinga ndi nthambo za magetsi zimapezeka mosabvuta ku matauni, ndipo ena amazitumiza kumudzi osadziwa nchito yace. Khwekhwe silisankha. Wochera kalulu amakola garu wace, mbuzi, ngakhale citamba ca mwana wa njobvu, ndipo njobvu yopweteka ndiyo imathamangitsa amai pa njira ya ku madzi. Lamulo la nyama la 2015 limaletsa misampha yotere, ndipo munthu angamangidwe nayo cifukwa ca dzungu limodzi. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndi kumagula mpunga wa ku Chama, lakhala likulandira makhwekhwe ndi mfuti kwa alimi amene aleka kusaka, ndi kuwaphunzitsa ulimi m'malo mwace.

Yaciwiri ndi poizoni. Dzungu lothiridwa mankhwala lidzapha nungu, inde, koma nyama yace adzadya agaru ndi miimba, mwinanso mwana adzatola dzungulo. Ndipo musathire mankhwala a tizirombo pa maluwa. Dzungu liri ndi maluwa amuna ndi akazi pa mtengo umodzi. Duwa lalikazi mudzalidziwa ndi kadzungu kali kunsi kwace, ndipo limatseguka m'mawa umodzi wokha. Njuci ikapanda kufikapo ndi ufa wa duwa lalimuna m'mawa umenewo, kadzunguko kamafota ndi kugwa. Ambiri amati kalulu waba, pamene anapha okha anchito ao.

Tsono inu a ku migodi, mukalandira malipiro a Okutobala, kumbukirani kuti mvula ikagwa miseu ya m'cigwa imasanduka matope ndi mitsinje imadzaza, kotero katundu wotumizidwa mu Januwale amafika nkhondo itatha. Musanagule kanthu, imbani foni kumudzi, nimufunse amai kuti, "Kodi caka catha munaona mapazi a ciani m'munda?" Akati kalulu ndi nungu, tumizani waya wa nkhuku. Akati nguluwe, tochi ya dzuwa ndi ndalama yolipira anyamata okumba ngalande. Akati njobvu, zingwe, oilo wakuda ndi mbeu ya tsabola, kuti adzibzalire okha m'mbali mwa munda.

Nthawi yathu yatha. Tsalani bwino nonse.