Mpira timamenya ndife, nanga m'makomiti mukukhala ndani?

Ndikuona ena mwangochoka kumene pa galaundi, majezi simunavule nkomwe, choncho sindikuchedwetsani.

Ine ndasewera ntchemberembaye zaka zambiri. Tsiku lina timu yathu inapita kukasewera ku Lilongwe. Tinanyamuka ku Blantyre mbandakucha, tinapambana, koma madzulo kunalibe chakudya. Tinagona m'kalasi pasukulu ina, titagawana mabanzi ndi sobo. Titafunsa, tinauzidwa kuti ndalama yatha. Inatha bwanji? Inalipo zingati? Palibe mmodzi mwa ife amene ankadziwa, ndipo sitinkadziwa kuti tili ndi ufulu wofunsa. Osewera tonse tinali atsikana, koma wapampando, mlembi ndi msungichuma onse anali abambo. Usiku umenewo ndi pomwe ndinazindikira kuti zambiri zokhudza osewera zimagamulidwa m'komiti, ife tisanafike pa galaundi.

Luso ndiye tili nalo, izi palibe angatsutse. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1. Mu 2024 Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, ndipo mkulu wake Tabitha anatsogolapo pa zigoli mu ligi ya ku Italy komanso ya ku France. Funso langa ndi ili: atsikana ngati amenewa akadzavula jezi, mipando ya kochi, manijala ndi wapampando idzakhala ikuwadikira?

Ena amati utsogoleri pa masewero ndi wa abambo. Tiyang'ane kwa aneba athu ku Zimbabwe. Kirsty Coventry anali katswiri wosambira, anapata mamendulo 7 ku Olympics. Mu 2013 analowa m'komiti yoimira osewera ku International Olympic Committee, mu 2018 anakhala wapampando wa komitiyo komanso nduna ya zamasewero kwawo. Mu Malichi 2025 anasankhidwa kutsogolera IOC yonse, mayi woyamba komanso munthu woyamba wochokera mu Africa pa mpandowo. Werengani zaka zimenezo: 12 akuphunzira ntchito m'makomiti. Kuno kwathu tili ndi Bernadettar Kwimbira, amene anakweza mbendera ngati wothandizira woyimbira mpira pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi 2019. Nayenso anachita kukhala pansi, kuphunzira malamulo a mpira ndi kulemba mayeso.

Ndiye tiphunzire chani? Ndikupatsani zinthu zitatu zomwe zinanditsegula maso.

Choyamba ndi ndalama. Dziwani kulemba bajeti: thiransipoti, chakudya, malo ogona, alawansi, mankhwala, ndi mapadi omwe, chifukwa komiti yopanda mayi imawaiwala. Sungani malisiti. Ku akaunti ya timu kusasainire munthu mmodzi. Kampani ikamafuna kuthandiza timu imafunsa mapepala, ndipo amene amadziwa mapepalawo ndi amene amamvedwa pa msonkhano.

Chachiwiri ndi malamulo oyendetsera bungwe. Kalabu iliyonse yolembetsedwa ili nawo, NAM ili nawo, FAM ili nawo. Mmenemo ndi momwe mwalembedwa amene amavota, nthawi yopereka mayina a opikisana, komanso kuchuluka kwa anthu ofunika kuti msonkhano uchitike. Ambirife timamva za chisankho chitachitika kale, kenako timadandaula pa WhatsApp. Pemphani kope, liwerengeni. Safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi kuteteza osewera. Tiyeni tinene zoona, tonse muno tikudziwa mtsikana amene anauzidwa kuti akafuna kulowa mu timu ayambe wakaonana ndi akochi kuseri. Mtsogoleri wophunzira amaika ndondomeko: pa ulendo uliwonse pakhale mayi wamkulu, kochi asaitanire wosewera kuchipinda kwake, ndipo pakhale munthu wodziwika wolandira madandaulo yemwe sali pansi pa kochiyo. Izi zikalembedwa ndi kuvomerezedwa ndi komiti, mwana wa zaka 15 amakhala ndi pothawira.

Maphunziro ake alipo. Ukochi wa mpira wa miyendo umayambira pa laisensi ya CAF D kudzera ku FAM, kenako C, B mpaka A. Malawi Olympic Committee imachititsa maphunziro a kayendetsedwe ka masewero mothandizidwa ndi Olympic Solidarity. Malawi National Council of Sports nayo ndi khomo loyenera kugogoda. Tsatirani masamba awo, ndipo akalengeza lembetsani, osadikira kuti wina akutchuleni dzina. Amene munaphunzira za akaunti, za malamulo kapena utolankhani, musanene kuti simunasewerepo mpira. Matimu akusowa anthu ngati inu.

Koma ndikuchenjezeni. Mukalowa m'komiti, adzakupatsani ntchito yokonza zakumwa ndi kulandira alendo. Mukafunsa za ndalama adzati ndinu amwano, ena adzati mpandowo munaupeza chifukwa cha chibwenzi. Kunyumba adzafunsa kuti mkazi wanji wobwera usiku kuchokera ku msonkhano. Ine zonsezi ndinazimva. Chomwe chinandithandiza n'chakuti tinalowa awiri. Mnzanga akapereka ganizo, ine ndimalivomereza, ndipo limalembedwa m'maminitsi. Ganizo lolembedwa m'maminitsi silisowa ngati la pakamwa. Choncho musalowe nokha, kokani mnzanu.

Sabata ino chitani chinthu chimodzi basi. Pitani kwa mlembi wa timu yanu, kaya ndi ya kusukulu, ya kutchalitchi kapena ya m'dera, mukafunse tsiku la msonkhano waukulu wapachaka ndi mipando yomwe idzapikisaniridwe. Mukapeza yankho bwerani nalo, tidzathandizana kulemba makalata ndi kukonzekera zoyankhula.

Timu ija ndinagona nayo m'kalasi, lero msungichuma wake ndine. Ulendo uliwonse usanayambike ndimawerengera atsikana bajeti yonse, ndipo aliyense amadziwa kuti madzulo adya chani, agona kuti.