Sosaiti ya maliro isaiwale adzukulu

Poti dzuwa la kuno ku Mvurwi, m'Zimbabwe muno, likuswa mtengo, sindikusungani nthawi yaitali.

Makolo athu atachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Banket, Trelawney ndi Shamva, ambiri anakhala matchona. Munthu akamwalira panalibe mwinimbumba womuika. N'chifukwa chake anayamba masosaiti a maliro, kusonkha pang'onopang'ono kuti bokosi, ufa ndi ndiwo zipezeke. Mafamu atagawidwa kuyambira 2000, ntchito zinatha koma sosaiti inatsala. Ineyo ndimailemekeza kwambiri. Chondiwawa n'chakuti imasamala wakufa yekha, pamene wamoyo amene akumutumikira alibe pogwira.

Taganizani za adzukulu. Mdzukulu akukumba manda m'dzinja, dothi lanyowa, khoma lagumukira mwendo wake. Ndani alipire ku chipatala? Bungwe la boma la NSSA limalipira wantchito wolembedwa amene wavulala pa ntchito ya bwana wake. Mdzukulu sanalembedwe ndi munthu, wadzipereka yekha. Chimodzimodzi mayi amene wapsa ndi phala pophika pasiwa, kapena anyamata okwera pa ngolo ya thirakita popita kumanda. Tsegulani buku la malamulo anu muone ngati muli mzere wonena za anthu amenewa. Ngati mulibe, patulani kathumba kena, pa dola iliyonse yosonkhedwa mutapeko pang'ono, ndipo mulembe kuti ndalamayo ndi ya ovulala pa ntchito ya gulu, osati ya bokosi.

Amayi osambitsa mtembo ndiwo ndimawadera nkhawa koposa. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo maliro ndi amodzi mwa malo amene matendawa amafalikira. Magolovesi, sopo ndi mankhwala othira m'madzi azigulidwa maliro asanagwe, azikhala kwa mlembi. Wina akamwalira ndi kutsekula m'mimba, itanani azaumoyo musanakhudze thupi, ngakhale mwambo utakhala kuti ukufulumiza.

Tsono za thumba lenilenilo. Agogo pano akukumbukira 2008, pamene ndalama yosonkhedwa zaka zambiri inalephera kugula buledi. Mu 2019 madola a m'banki anasanduka ndalama ya RTGS. Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama ina ya ZiG, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa mphamvu. Taluma dothi kangapo konse, ndiye musaunjike chuma chonse mu ndalama ya mtundu umodzi. Gawo lina lisanduke mapoto, tenti, matabwa kapena mbuzi. Ndipo msungichuma asamagone ndi ndalama za gulu pansi pa mphasa. Sikuti ndikumuganizira zoipa, ndikumuteteza: nyumba zathu ndi zaudzu, moto wolusa umayenda chilimwe chilichonse, akuba nawonso amamva tsiku losonkha. Potapa ndalama pakhale anthu atatu osainira, ndipo buku liziwerengedwa pamaso pa onse mwezi ndi mwezi.

Ena mwafunsa za inshuwalansi ya makampani monga Nyaradzo, Doves kapena EcoSure ya pa foni. Sindinabwere kudzagulitsa iliyonse. Ubwino wake ndi woti maliro atatu akagwa mwezi umodzi, thumba lathu limauma, pamene kampani ili ndi msana wautali. Koma wobwera ndi mapepala mum'funse ngati kampani yake inalembetsedwa ku IPEC, bungwe loyang'anira inshuwalansi ndi penshoni. Mufunsenso kuti mudikira miyezi ingati asanayambe kulipira, chimachitika n'chiyani mukadumphitsa mwezi fodya asanagulitsidwe, agogo a zaka zambiri amawalandira kapena ayi, ndipo adzalipira mu ndalama yanji.

Adzafunanso chitupa, ndipo apa m'pamene ambiri timagwa. Malamulo a dziko a 2013 amati wobadwira muno, kholo lake lili la dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi nzika ngati ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba. A mlembi, tisanabalalike lembani mayina a onse opanda chitupa kapena kalata ya kubadwa, kuyambira adzukulu, kuti tipangane tsiku lopitira limodzi ku ofesi yolembetsa.