ZOBVALA ZA MUNTHU WA ZIPSERA

Inu a ku migodi ndi a m'matauni amene kwanu ndi ku Malambo, m'boma la Mambwe, m'maiko a mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Msoro ndi Malama, madzulo ano ndifuna kulankhula nanu za mtolo umene mumanga pakutha pa mwezi ndi kutumiza kumudzi. Mu mtolo umenewo simulephera kukhala cobvala, ndipo ambiri a ife posankha tiyang'ana mtengo ndi maonekedwe okha. Kwa munthu wa khungu labwino palibe kanthu. Koma m'midzi mwathu alimo ena amene malaya olakwika awabwezera ku cipatala: mwana amene anapsa ndi moto, nkhalamba imene inacira khate, ndi mbale wathu wa khungu la cialubino.

Tiyambe ndi akupsa. M'miyezi ya Juni ndi Julai ngakhale kucigwa kuzizira usiku, ndipo ana agona pafupi ndi moto. Ena apsa ndi phala kapena madzi owira, ndipo odwala khunyu agwera pamafuwa nthenda ikawagwira. A ku cipatala ca Kamoto kapena ca St Luke's ku Msoro atsuka bala ndi kulimanga kufikira litapola, ndipo makolo abwerera kwao nayesa kuti zatha. Sizinathe ai. Khungu lomera pa bala lakuya siliri ngati lakale. Siliturutsa thukuta, liribenso mafuta ace, cotero liuma, liyabwa, ndipo silicedwa kung'ambika. Cipsera cotere citenga caka, kapena caka ndi theka, kuti cikhwime. M'nthawi imeneyi cikhoza kutukumuka ndi kukokana, ndipo cikakhala pa cigongono, m'khwapa kapena pakhosi, cikoka ciwalo kuti cisaongokenso. Tsono taganizani mwana wotere m'mwezi wa Okutobala, pamene ku Mfuwe kutentha kupitirira madigiri 40, atabvala malaya a sukulu a kolala youma imene icekera pa cipsera tsiku lonse. Mwanayo akayamba kujomba, mphunzitsi ati ndi ulesi.

Cinthu coyamba ndi nsaru. Makolo athu anali kusula ciwondo ca makungwa a mombo ndi kucifewetsa ndi mafuta, cifukwa anadziwa kuti cokhudza thupi ciyenera kukhala cofewa. Lero nsaru yoposa zonse kwa munthu wa zipsera ndi ya thonje, lomwe lija abale anu alima m'minda ya kucigwa. Thonje limwa thukuta ndipo mphepo ipitamo. Nailoni, imene inapangidwa koyamba ku America mu 1935, ndi mbale wace poliyesita, ziri ndi zabwino zace, pakuti siziculuka mtengo ndipo ziuma msanga. Koma zisunga citungu, ndipo zikagwira moto zisungunuka ndi kumatirira pa thupi ngati phula. Inu a ku simeluta mudziwa cifukwa cace sakulolani kubvala zotere pafupi ndi ng'anjo. Pogula pa salaula werengani kacikwangwani ka m'khosi kuti mudziwe ngati ndi thonje, ndipo mutawerenga mukadule, popeza kameneko kakanda koposa minga. Kunena zoona, malaya a thonje amene anacapidwa kale kawirikawiri aposa atsopano. Nsaru yatsopano iri ndi phala louma limene aikamo ku fakitale, ndipo citenje catsopano ciri ndi utoto wosatsukika bwino. Muyambe mwazicapa kawiri, ndi kutsukuluza kufikira sopo yense atacoka.

Ndicenjeze pano kuti thonje nalonso lipsa. Ndi bwino kudzoza cipsera mafuta monga Vaseline tsiku ndi tsiku kuti cisaume, koma nsaru imene yamwa mafuta otere igwira moto msanga koposa. Mwana wodzozedwa asakhale moyandikana ndi moto, ndipo zobvala zace zicapidwe pafupipafupi.

Caciwiri ndi kasokedwe, ndipo apa ndilankhula ndi atelala, ngakhale a pakhonde pa sitolo ku Mfuwe kapena a mu msika ku Kitwe. Telala aphunzira kubisa msoko mkati kuti kunja kukongole. Kwa wa zipsera mutembenuze mwambo umenewu: msoko ukhale kunja, kapena muupinde ndi kuugonetsa monga mucita pa ovolosi, kuti mkati mukhale see. Musanadule nsaru, funsani pamene pali cipsera, ndipo musunthe msoko kuti usadzere pamenepo. Cikakhala pakhosi, cotsani kolala ndi kukulitsa khosi. Cikakhala m'khwapa, ikani kansaru koonjezera kuti mkono ukwere wosakokedwa. Munthu amene mkono wace suongoka sangabvale malaya odzera kumutu. Mtsegulireni kutsogolo kapena m'mbali. Pa kabudula ikani cingwe m'malo mwa lasitiki, kuti mwini amange monga afuna. Palibe cimodzi mwa izi cofuna makina ena koposa Singer wanu yemweyo. Ndipo musaiwale kukongoletsa, pakuti mtsikana wa zipsera nayenso afuna diresi loti apite nalo ku cikwati, osati thumba la mikono.

Cilipo cobvala cina cosiyana ndi zonsezi, cimene nchito yace ndi kuthina. Ca m'ma 1970 madokotala a cipatala ca ana akupsa ca Shriners ku Galveston, m'dziko la America, motsogozedwa ndi Dr Duane Larson, anaonetsa kuti cipsera cikapanikizidwa ndi nsaru yotamuka sicitukumuka kwambiri. Wodwala aibvala maora 23 pa tsiku, miyezi yambiri. Koma cimeneci ayesa ndi a cipatala, bala litapola. Musayese kumanga mwana ndi mphira kunyumba, mungaimitse mwazi.

Bvuto la amene anadwala khate ndi lina. Wakupsa amva kuwawa kopitirira, koma uyu samva konse, cifukwa nthendayo iononga mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi. Kale odwala a kum'mawa anali kukakhala zaka zambiri ku misasa ya amishoni monga ku Nsadzu ndi ku Mwami. Mu 1981 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa mankhwala ophatikiza amene aciritsa khate m'miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira 1995 apatsidwa kwaulere. Komabe mtsempha umene unafa kale subwerera. Dr Paul Brand, amene anagwira nchito ku Vellore ndi ku Karigiri m'dziko la India, anaonetsa kuti zala sizingothothoka zokha ndi khate monga tinali kuganizira. Ziwonongeka ndi mabala amene mwini samva. Msomali wa mu nsapato umlasa ulendo wonse iye osadziwa. Nkhwaira zoyenera ziri ndi mphira yofewa mkati, pansi pace polimba kuti minga isapyoze, ndipo zisakhale ndi msomali ngakhale umodzi. Jombo zanu zakale za kumgodi si mphatso yabwino kwa agogo otere. Pa malaya ao ikani mabatani akuru, kapena comata cija cochedwa Velcro, cimene George de Mestral wa ku Switzerland anacipanga ataona njere zomatirira pa ubweya wa garu wace, monga cicitira cisoso pa buluku. Mbali yace yokanda iyang'ane kunja.

Kwa abale athu a cialubino mdani ndi dzuwa, limene liwaocha ndi kubala zironda zimene zikhoza kusanduka khansa ya pakhungu. John Chiti, woimba uja amene anayambitsa Albinism Foundation of Zambia mu 2008, walankhula zimenezi kawirikawiri. Iwo afunika malaya a mikono yaitali, kolala yophimba khosi, ndi cipewa ca mlomo waukuru cophimba makutu. Kapu ya mpira siphimba kanthu.

Apa mpamene cigwa ca Luangwa ciri ndi msampha wace. Nsaru yakuda icinga dzuwa koposa yoyera yopyapyala. Koma kashembe, amene afalitsa kaodzera, akonda mtundu wakuda ndi wa buluu, ndipo ndico cifukwa cace misampha yace aipanga ndi nsaru za mitundu imeneyi. Munthu wobvala biriwita m'chire la pafupi ndi nkhalango ya nyama adziitanira yekha, ndipo kashembe aluma kupyoza nsaru yopyapyala. Ine ndiona kuti yankho ndi kaki wa thonje wolukidwa mothithikana. Muli mu sitolo, kwezani nsaruyo kuloza kuwala. Mukaona kuwala kupyoza ngati m'sefa, isiyeni.

Polemba kalata yoperekeza mtolo, muuzenso a kumudzi kuti zocapa aziyanike pa cingwe, osati pansi, ndi kuzisita ndi nsimbi yotentha mbali zonse ziwiri, cifukwa iripo nchenche imene iikira mazira pa nsaru yonyowa, ndipo mphutsi zace zilowa m'khungu.