Akakupemphani kuti mwana wanu alowe m'kafukufuku wa matenda a kusadya

Lero tikambirana za ana amene akukana chakudya, akunyentchera kapena akutupa mapazi, komanso zoyenera kuchita azaumoyo akakupemphani kuti mwana wotere alowe m'kafukufuku.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri mukuchidziwa, chiponde. Ndi mtedza wopera wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta ophikira ndi mavitamini, ndipo anamwino a kuno amachitchanso ATPU. Chinapangidwa koyamba ku France m'chaka cha 1996. Kale mwana wonyentchera kwambiri ankagonekedwa m'chipatala kwa milungu ingapo, mayi n'kusiya munda ndi ana ena kunyumba. M'chaka cha 2001 dokotala wa ana Mark Manary ndi anzake anayamba kuyesa chiponde ku Blantyre. Ana ena ankapatsidwa chiponde kuti azikadyera kunyumba, ena ufa wa phala la chimanga ndi soya, ndipo onse ankayezedwa pa sikelo kawirikawiri. Amene anachira ambiri anali a chiponde. Pofika 2007 bungwe la WHO ndi UNICEF anavomereza kuti mwana wonyentchera amene alibe matenda ena oopsa angathe kuchirira kunyumba. Choncho paketi imene mumalandira kuchipatala lero inafika m'manja mwanu chifukwa makolo ena anavomera kuti ana awo ayesedwe.

Kafukufuku wotere ndi njira yofananitsira mitundu iwiri kapena itatu ya chithandizo kuti zidziwike kuti yothandiza kwambiri ndi iti. Kawirikawiri ana amagawidwa m'magulu mwa maere. Si mayi amene amasankha gulu, si dokotala, ndipo nthawi zina onse awiri sadziwa gulu la mwanayo mpaka kafukufuku atatha. Amatero kuti pasakhale kukondera.

Chitsanzo china ndi ichi. Kuyambira 2009 mpaka 2011, ana 2,767 a miyezi 6 mpaka zaka zosakwana 5 analowa m'kafukufuku m'zipatala 18 za kumidzi ku Malawi. Onse analandira chiponde. Kuwonjezera apo, gulu lina linamwa amoxicillin kwa masiku 7, lina linamwa cefdinir, ndipo lachitatu linamwa mankhwala ongofanizira opanda mphamvu. Mwa ana 100 alionse a gulu lachitatu, pafupifupi 7 anamwalira, pomwe m'magulu enawo anamwalira 4 kapena 5. Zotsatirazi zinatuluka mu 2013. Patapita zaka zochepa, kafukufuku wofanana naye ku Niger sanapeze kusiyana kwenikweni pa kachiridwe ka ana. N'chifukwa chake kafukufuku amabwerezedwa m'madera osiyanasiyana, ndipo aliyense wokulonjezani kuti mwana wanu achira ndithu chifukwa walowa m'kafukufuku sakunena zoona.

Tsono mvetserani ufulu wanu. Mwana amene akudwala ayenera kulandira chithandizo kaya mwavomera kafukufuku kaya mwakana. Chiponde cha kuchipatala cha boma ndi chaulere, ndipo palibe amene ayenera kukumanani chifukwa mwati ayi. Mukavomera lero, mawa mungathe kusintha maganizo n'kumutulutsa mwana popanda chilango. Amfumu angalole kuti ofufuza alowe m'mudzi, koma chilolezo cha mwana wanu chimachokera kwa inu makolo kapena kwa amene akumulera. Ngati mukufuna kukambirana kaye ndi amuna anu, akazi anu kapena amalume a mwana, pemphani tsiku. Ofufuza oona sakakamiza.

Kuno ku Mozambique kafukufuku wokhudza umoyo wa anthu sayamba asanaunikidwe ndi komiti yoona za ufulu wa anthu oyesedwa. Komiti yaikulu ya dziko lonse ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde, ya Unduna wa Zaumoyo. Ku Malawi ntchito imeneyi amaigwira makomiti monga NHSRC. Popeza ambiri a inu mumawoloka malire kukafuna chithandizo, kumbukirani kuti ufulu wanu ndi womwewo mbali zonse ziwiri.

Musanasaine kapena kudinda chala, funsani mafunso awa. Kodi mukuyesa chiyani, ndipo mwana wanga adzadya kapena kumwa chiyani? Kodi pali gulu limene lidzalandire mankhwala opanda mphamvu? Ndi zovuta ziti zimene zingamuchitikire, ndipo akadwala usiku ndipite kuti, ndiimbire ndani? Ndidzabwera kangati, kwa miyezi ingati? Funso limeneli ndi lofunika kwambiri m'nyengo yolima ndi yokumba mbatata ya kachewere, pomwe tsiku limodzi lotayika limaoneka m'nkhokwe. Funsaninso ngati adzabweza ndalama za ulendo. Ndalama zotere ndi zobwezera zimene mwawononga panjira, si mtengo wa mwana, ndipo zisakhale chifukwa chovomerera.

Chikalata cha chilolezo chiyenera kuwerengedwa m'chinenero chimene mukumva. Ngati chalembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, pemphani kuti akufotokozereni m'Chinyanja. Ngati simutha kuwerenga, pakhale mboni imene si wantchito wa kafukufukuyo. Pomaliza akupatseni pepala lanu loti mukasunge kunyumba, lokhala ndi dzina la bungwe ndi nambala ya foni.

Tinenepo za magazi, chifukwa nkhani za anamapopa tonse tinazimvapo. Kafukufuku wina amafuna magazi pang'ono, mwina kadontho ka pachala kapena kabotolo kakang'ono, kuti aone ngati mwana ali ndi malungo kapena magazi ochepa. Muli ndi ufulu wofunsa kuti atenga ochuluka bwanji, akawayeza kuti, ndipo otsala adzawasunga kapena adzawataya. Kafukufuku woona amachitika masana, anamwino a chipatala chanu ndi akuluakulu a zaumoyo a m'boma akudziwa. Munthu wobwera yekha pakhomo, wopanda chikalata, wofuna ndalama kapena wogulitsa ufa woti ukulitsa mwana, musamupatse mwana wanu. Kafunseni kuchipatala kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwanu.

Chofunika kuposa zonse n'chakuti musadikire kafukufuku kuti mwana athandizidwe. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zosakwana 5, tepi yoyezera mkono ikafika pofiira, kutanthauza kuti mkono wake sukukwana masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi. Mukadina pamwamba pa mapazi onse awiri n'kutsala kadzenje, ali pangozi ngakhale akuoneka wonenepa. Ambiri amati ndi tsempho, banja n'kuyamba kulozana zala. Zokambirana za m'banja zikhoza kudikira, koma mwana wotupa sangadikire. Kuchipatala adzamulawitsa chiponde. Akadya, mwina mudzabwerera naye kunyumba ndi mapaketi ake. Akakana kudya, akusanza chilichonse kapena wafooka kwambiri, adzagonekedwa kuti ayambe ndi mkaka wapadera. Chimodzimodzi mtsikana kapena mnyamata wamkulu amene akudzimana chakudya poopa kunenepa, kapena amadzisanzitsa akadya: amenewo ndi matenda, ndipo ofunika achipatala osati chikwapu.

Mwana alirenji, makolo ali pomwepo? Funsani, mvetsetsani, kenaka yankhani mwa kufuna kwanu. Kuvomera n'kololedwa, kukananso n'kololedwa.